Suti Yomaliza ya a Malachy

Fintan anaima pakati pa khitchini manja atatambasula, atavala suti ya bambo ake, ndipo aliyense wokhala ndi maso akanaona kuti pali chalakwika. Kalilole anali wophimba ndi nsalu chimwalirireni bambowo, choncho iye sankatha kudziona. Ankangoyang'ana nkhope ya mayi ake, a Delia, kuti imuuze.

"Tatembenuka," anatero mayiwo.

Anatembenuka. Mwendo wakumanja wa thalauzi unafika bwinobwino pansapato, koma wakumanzere unathera m'mwamba, sokosi yonse ili pamtunda. Jekete inkamukoka phewa limodzi, kolala n'kupendekeka ngati chitseko choguluka. Pabondo lakumanja panali potupa, ndipo atapapasa anapeza kuti mkati mwake munasokeredwa chigamba chochindikala, pomwe nsaluyo sinang'ambike n'komwe.

M'chipinda chakumaso munkamveka azimayi akupemphera kolona. M'menemo ndi momwe munagona a Malachy Hession, telala wa tauni yathu ya Kilcorran, atavekedwa mkanjo wofiirira wa akufa. Kwathu kuno munthu sankapita m'manda ndi suti yake. Suti inkatsala, ndipo banja linkaipereka kwa wachibale kapena kwa wosauka kuti akaivale ku Misa Lamulungu katatu motsatizana. Akatero ndiye kuti womwalirayo wavala kumene wapitako. Akapanda kutero amakhala wausiwa, kumanjenjemera ndi chisanu mpaka kalekale. Ansembe sankaphunzitsa zimenezi, komanso sankaletsa, poti nawonso anabadwa kwa amayi. A Delia ankazikhulupirira monga ankakhulupirira kuti mvula imanyowetsa.

Sutiyi inali ya Lamulungu, a Malachy anadzisokera okha, ndipo tauni yonse inkaidziwa. Fintan anatenga msinkhu ndi thupi la bambo ake ndendende, moti palibe anaganizako zoti ingamukane. Iye anati asadandaule, apindulula mpendero wa mwendo waufupiwo ndipo zonse zikhala bwino. A Delia anagwada n'kuutembenuza mwendowo. Munalibe chopindulula. Nsalu inali yodula ndi sizasi, mpendero wake wongokwanira kugwira ulusi.

A Malachy sankadula nsalu chonchi. Ankasiya yambiri mkati, chifukwa ankati mwana amakula, bambo amanenepa, ndipo thalauzi limodzi liyenera kutumikira anthu atatu lisanakakhale chopondera pakhomo.

"Mutu unali utayamba kuwasokonekera, amayi," anatero Fintan motsitsa mawu. "Tisadzinamize. Masabata omalizawa ankadzitsekera m'shopu muja akutsokomola, ine n'kumati akumalizitsa za makasitomala. Kani akuononga suti yawo yomwe."

A Delia anamuuza kuti asalankhule choncho bambo ake ali gone kuseri kwa khoma. Koma mantha anali atawagwira, chifukwa nawonso anaimva sizasiyo masiku amenewo, ikulira pang'onopang'ono, n'kusiya, n'kuyambanso. Fintan anavula jekete ija n'kubwera ndi nzeru yake. Anati apite kwa a Feeney, sitolo yatsopano ya zovala zosokeratu, akagule suti ina, iye aivale masiku atatuwo, yolakwikayi ikwiriridwe pansi pa bokosi la zigamba. Palibe angadziwe. Fintan sanali woipa mtima. Anali munthu woti amamva kuseka kwa anthu anthuwo asanayambe kuseka, ndipo shopu yokhala ndi dzina la Hession pakhomo inali itatsala m'manja mwake.

"Bambo ako akhala moyo wawo wonse akunyoza zovala za m'sitolo," anatero a Delia. "Ankati n'zosokera munthu amene sanabadwe. Ndiye iwe ukufuna akaonekere nazo pamaso pa Mulungu?"

Anaonjezera kuti chovalacho chimayenera kukhala chimene mwini wake anavalapo, chokhala ndi fungo lake. Anaipinda sutiyo n'kuiika m'kabati, osadziwa kuti aichita chiyani. Linali Lachitatu.

M'mawa mwake anaika maliro. Dzenje anakumba ndi anthu oyandikana nawo nyumba, poti achibale sakumba manda a munthu wawo. Bokosi ananyamula ndi amuna a dzina la Hession, ena ochita kuitanitsa kumidzi chifukwa a m'tauni sanakwane. Anadzera njira yaitali, kuzungulira bwalo la msika wa ng'ombe, kudutsa pakhomo pa shopu, chifukwa womwalira sathamangitsidwa. Kunkagwa kamvula kaja kosanyowetsa msanga koma kofika m'mafupa. Dothi litayamba kugwera pabokosi a Delia anakweza maso kuti asaone, ndipo kuseri kwa mpanda wamiyala anaona munthu ataima yekha, chipewa chili m'manja. Anali a Colman, mng'ono wawo wa a Malachy.

Abale awiriwa anali asanalankhulane kwa zaka zopitirira makumi atatu, chiyambire nkhondo yapachiweniweni ija inabuka Angerezi atangochoka. A Colman anathawira kumapiri ndi anyamata amene anakana pangano la boma latsopano ndi Angereziwo. A Malachy anatsala m'shopu, ndipo boma lomwelo litafuna yunifolomu za asilikali ake, iwo anasoka. Ankati singano ilibe chipani. A Colman anaomberedwa bondo ndi munthu wovala imodzi mwa yunifolomu zoterozo, anagwa pamlatho n'kuthyoka phewa, kenaka ndende. Potuluka anapeza bambo awo atamwalira, nyumba ndi shopu zitasiyidwira mkulu wawo yekha. Anangotenga chikhoti chawo n'kuoloka mtsinje, kukakhala m'kakhwalala ka kuseri kwa malo ochekera matabwa, komwe ankagwira ntchito yonola macheka.

Ndi tchalitchi nachonso anali pa udani. Nthawi ya nkhondoyo maepiskopi analamula kuti anyamata a kumapiri asalandire Ukaristia. A Colman anabwera tsiku lina mozemba, anagwada kuguwa pamodzi ndi anzawo, wansembe n'kuwadumpha tauni yonse ikuona. Anadzuka, anatuluka, ndipo sanapondemonso. Ena onse anakhululukirana kalekale, ena mpaka kukwatitsana ana. A Hession okha ndi amene anausunga mkwiyo wawo bwinobwino ngati mbale za alendo.

Pemphero litatha a Colman anavala chipewa n'kutembenuka kuti azipita. A Delia anawayang'ana kumsana. Phewa lakumanzere linali lotsika, thupi lonse lopendekera komweko, ndipo mwendo wakumanzere, waufupi ndi wouma, ankachita kuukoka. Zimene anaona a Delia inali suti ya m'kabati ija ikuyenda.

Anakumbukira tebulo la amuna awo. Zaka zonsezi a Malachy ankakana kulichotsa pawindo, ngakhale m'nyengo yozizira mphepo ikulowera m'ming'alu, ati pamenepo mpamene pali kuwala. Ndipo m'mawa uliwonse a Colman ankadutsa tsidya lina la msewu womwewo kukagula fodya ndi buledi, maso ali pansi. Telala weniweni safuna tepi. A Malachy ankatha kumuyang'ana munthu akulowa pakhomo n'kumuuza kukula kwa chifuwa chake asanapereke moni.

Anthu a pamaliro atamwa tiyi n'kubalalika, a Delia anamuuza Fintan zimene anaona, ndipo anati akukapereka sutiyo kwa mwini wake. Fintan anakana mpaka makutu kufiira. Anati munthu amene sanabwere kudzagwira dzanja la mkulu wake akudwala, amene waima kunja kwa mpanda ngati wakuba, sangavale suti ya bambo ake. Anatinso mayi akewo sakuona patali. Lero ndi suti, mawa adzakhala pamoto, mkuja adzakumbutsa kuti theka la nyumbayi linali loyenera iwo, ndipo nkhani imene inagona idzadzuka iye atangotsala pang'ono kukwatira.

"Ndi bambo ako aang'ono," anatero a Delia.

"Ine sindiwadziwa. Sanandipatsepo ngakhale moni." Anazunguza kapu patebulo. "Ndagwira nawo ntchito m'shopu muja chisiyireni sukulu, amayi. Ndimati sutiyo asiyira ine."

A Delia anamumvera chisoni mwana wawo, chifukwa apa ndiye ananena zoona, zinazo zinali zokutira. Anamusisita kumutu ngati akadali wamng'ono, n'kumuuza kuti iyeyo bambo ake amusiyira sizasi, tebulo ndi dzina. Koma sanasinthe maganizo. Anakulunga sutiyo m'pepala, pamodzi ndi malaya ndi tayi, n'kuoloka mlatho dzuwa lisanalowe.

Anawapeza a Colman atakhala pampando wamiyendo itatu, akusenda mbatata yophika ndi chala. M'nyumbamo munali bedi, tebulo ndi msomali wokolekapo chikhoti, basi. Sanadzuke. Anangoti pepani ndi zovutazi, monga amanenera munthu aliyense pamaliro a munthu aliyense. A Delia anaika phukusi patebulo n'kufotokoza chimene abwerera.

"Ananena ndi pakamwa pake kuti mundipatse?" anafunsa a Colman.

"Sananene."

"Ndiye mwadziwa bwanji?"

"Valani muone, alamu."

A Colman anaseka kuseka kopanda mano ambiri. Anati akudziwa bwino mwambowo, ndipo akuona msampha wake. Suti yaulere, koma mtengo wake n'kukalowa m'tchalitchi momwe anawachititsa manyazi, katatu konse, tauni yonse ikutembenuza makosi. Anati mkulu wawoyo anavala bwino pansi pano moyo wake wonse, kuzizidwa pang'ono kumeneko sikungamuphe kawiri. Ngati ankafuna kulankhula, msewu unali waung'ono, akanaoloka.

"Inunso mukanaoloka," anatero a Delia. "Miyendo inalipo inayi, wolumala umodzi wokha."

A Delia sanafune kuwanyengerera, ndipo anawauza mosabisa kuti za nkhondo yawoyo iwo anatopa nazo asanabereke n'komwe. Chimene chinkawawawa chinali chimodzi.

"Ndagona pambali pa munthu uja zaka zonsezi. Ndikudziwa momwe amaopera chisanu. Sutiyi anaidula mwakuti palibenso wina m'dziko muno angaivale. Mukakana inu, ndiye kuti wapita wopanda kanthu, ndipo ine ndilibe chimene ndingachite."

A Delia anamasula phukusi lija, anachotsa chikhoti cha a Colman pamsomali, n'kukolekapo suti. A Colman anati aitenge, sakuifuna. A Delia anatuluka ngati sanamve.

Lachisanu ndi Loweruka a Delia anakhala akudikira kuti mwina phukusilo libwezedwa. Chitseko cha shopu chikalira ankatembenuka kuona. Anachotsa nsalu pakalilole, anayendetsanso wotchi ya pakhoma imene anaiimitsa tsiku la imfa, anachapa makapu obwereka n'kuwabweza kwa eni ake. Fintan ankagwira ntchito patebulo la pawindo osalankhula zambiri, ndipo Loweruka m'mawa anauza mayi ake, osawayang'ana, kuti munthu wa kutsidya uja sanadutse pamsewu lero. Phukusi silinabwere. A Delia sanadziwe ngati chimenecho chinali chabwino kapena ngati sutiyo inali itapita kale pamoto.

Lamulungu anavala zakuda n'kupita ku Misa yaikulu atagwira mkono wa Fintan. Banja la Hession linali ndi benchi lake kutsogolo, koma atafika pakhonde la tchalitchi a Delia anaima. Kumbuyo kumeneko, pafupi ndi chitseko, nkwa amuna aja amene amabwera ku Misa ndi thupi lokha. Amatsamira khoma, amanong'onezana mitengo ya ng'ombe, ndipo ulaliki ukatalika amatuluka kukasuta. Kumeneko sikuima mayi, makamaka wamasiye wa masiku atatu. Amunawo anasendera mwamanyazi, ena kubisa ndudu m'manja. Fintan anawanong'oneza mayi ake kuti anthu akuyang'ana, apite kutsogolo. Iwo anati apite yekha ngati akufuna. Sanapite.

Belu linasiya kulira. Wansembe anatulukira kuguwa, Chilatini chinayamba, ochedwa omaliza analowa akupukuta mvula kumaso. A Delia ankayang'ana kugeti mpaka khosi kuwawa. Uthenga Wabwino utayandikira anataya mtima. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti ukafika Uthenga utawerengedwa, Misa imeneyo siiwerengedwa kuti waimva. Anayamba kupepesa amuna awo chamumtima.

Kenaka panamveka phazi lokoka pamiyala ya panja.

A Colman anali atameta ndevu mpaka kudzicheka pachibwano. Koma palibe anayang'ana chibwanocho. Jekete inagona pamapewa awo ngati anabadwa nayo. Kolala ija inkapendekeka pa Fintan, apa inakhala mowongoka, ndipo phewa lotsika lija silinkaonekanso kutsika kwake, poti telala anali atabisa mkati zimene anabisa. Miyendo yonse iwiri ya thalauzi inathera malo amodzi pansapato. Tauni inazolowera kuona chikhoti chakale chikukokeka m'mbali mwa msewu, lero inaona bambo wooneka bwino, wofanana nkhope ndi amene anamuika Lachinayi. Mkulu wina wogulitsa nkhumba anachita chizindikiro cha mtanda mosaganiza.

Fintan anayang'ana ngati mmisiri, kuyambira pakolala kutsika ndi msoko wa kumsana mpaka kumpendero. Mutu wa bambo ake sunasokonekere. Imeneyi inali ntchito yabwino kuposa zonse zimene anawaonapo akugwira, ndipo anaigwira akutsokomola magazi, popanda kumuyeza munthu wake ngakhale kamodzi.

A Colman anafika pakhomo penipeni n'kuima. Nsonga za nsapato zinali pamzere pomwe miyala ya panja imathera. Anayang'ana kutsogolo, kuguwa kuja.

"Ndafika," anauza a Delia motsitsa. "Pano pakwana."

"Panja si pa Misa, alamu."

"Mawu akumveka."

"Akumvekanso kwa agalu ali kugetiko."

Amuna a pakhoma anayang'ana pansi kubisa kumwetulira. A Colman sanasunthe, ndipo kutsogolo anthu anali atayamba kuimirira kuti amve Uthenga. Mwambo umati sutiyo iwazidwe madzi odalitsidwa isanalowe. A Delia anali ataiwala zimenezo, koma Fintan anakumbukira. Anaviika zala m'beseni lamwala la pakhomo, anawaza paphewa lakumanja, anawaza lakumanzere, kenaka anachotsa kaulusi kamene kanatsalira pamkono wa jekete, monga ankachitira bambo ake kasitomala asanatuluke m'shopu.

"Lowani, bambo aang'ono," anatero. "Nsaluyi siikonda mvula."

A Colman anamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali. Kenaka anakweza mwendo wabwino, n'kukoka winawo, ndipo anali mkati. Sanapitirire pamenepo. Anatsamira khoma pakati pa wogulitsa nkhumba ndi Fintan, manja atapinda, nkhope ikunena kuti abwerera suti, osati wansembe. A Delia sanafune zoposa pamenepo. Misozi imene inakana kutuluka kumanda inatuluka tsopano, ndipo sanaipukute.

Misa itafika pakati kabelu kanalira kuti anthu agwade. Kumbuyo kulibe mabenchi, pansi ndi mwala wozizira, ndipo amuna a kumeneko ali ndi kagwadidwe kawo. Amaponya chipewa pansi n'kuikapo bondo limodzi. Zipewa zinagwa mbali zonse. A Colman anazengereza, ndipo a Delia anaona kuti akulimbana ndi mtima wawo. Kenaka nawonso anaponya chawo, koma chinagubuduka n'kukagwera patali. Anagwira khoma, anatambasulira mwendo wouma uja kumbali, n'kutsika pang'onopang'ono ndi bondo lakumanja, lokhalo limene linkapindika, nkhope itakonzekera kuwawa kwa mwala.

Bondo linafika pansi, ndipo nkhope ija inasintha. Anatsitsa dzanja n'kupapasa pomwe panali chigamba chochindikala chija. Anachisindikiza ndi chala, n'kuchisindikizanso. Mkulu wawo anadziwa kuti adzabwera. Anadziwa kuti sadzapitirira pakhomo pomwe pali mwala, anadziwa kuti adzagwada, ndiponso bondo lake.

"Galu ameneyu," ananong'ona a Colman. "Sanandifunse n'komwe."

Wogulitsa nkhumba anatola chipewa chija n'kuwapatsira kuti aike pansi pa bondo. A Colman anapukusa mutu. Anachilandira n'kuchigwira pachifuwa, ndipo anakhalabe chogwada pa chigamba cha mkulu wawo, kabelu katasiya kale kulira, amuna ena onse ataimirira.